Tisafulumire Kumutcha Waulesi: Zizindikiro za ADHD mwa Anthu Akuluakulu

Palibe ofesi ya Boma kapena sukulu m'dziko muno imene ilibe munthu wa mtundu umene tifuna kukamba lero, ndipo owerenga athu akangomva mbiri yake adzayamba kumwetulira, pakuti aliyense adzakumbukira dzina. Munthuyo ndi wanzeru, ndipo palibe amene akana zimenezo. Pamsonkhano ndiye amatulutsa mfundo imene ena onse sanaiganize. Pakagwa zadzidzidzi, monga kumva kuti alendo a ku likulu afika mawa, ndiye amagwira ntchito ya anthu atatu usiku umodzi. Koma mupatseni kalata wamba yoti ayankhe pofika Lachisanu, kalatayo idzagona m'kabati mwezi wathunthu. Makiyi a ofesi amawataya kawiri pa sabata. Amalonjeza ndi mtima wonse, naiwala tsiku lomwelo. Ngati ali mphunzitsi, ana amakonda phunziro lake koposa la wina aliyense, koma makope awo akhala osachonga chiyambire teremu, ndipo kaundula wa kalasi lake ali ndi mipata ngati mano a nkhalamba.

Maina amene timapatsa munthu wotere ndi odziwika. Timati ngwaulesi, ngwamphwayi, ngwachibwana, kapena timangoti sanakule. Akulu a ntchito amamuitana namudzudzula. Iye amapepesa, ndipo kupepesa kwakeko nkochokera pansi pa mtima. Pakapita masabata awiri zinthu zabwerera pomwe zinali. Pamenepo imabwera kalata yoyamba yochenjeza, kenaka yachiwiri, ndipo anzake amene analowa nawo ntchito tsiku limodzi amakwezedwa iye akadali pa mpando womwewo. Ife tifuna kunena lero kuti pakati pa anthu otere alipo ena, osati onse, amene vuto lawo lichokera m'kagwiridwe ntchito ka ubongo. Kuti vutolo lili ndi dzina, zizindikiro zodziwika ndi chithandizo. Ndiponso kuti mkulu wa ntchito wosadziwa zimenezi angathe kutaya wantchito wabwino alikuganiza kuti asunga mwambo.

Madokotala amalitchula ndi zilembo zinayi, ADHD, zimene ziimira mawu a Chingerezi akuti Attention Deficit Hyperactivity Disorder. Tanthauzo lake m'chinenero chathu ndi kulephera kusunga maganizo pa chinthu chimodzi, pamodzi ndi kujijirika kwa thupi ndi kuchita zinthu mwaphuma.

Alipo anthu amene amati awa ndi matenda a dzulodzulo, obwera ndi mafoni ndi intaneti. Anthu otere aŵerenge mbiri. M'chaka cha 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu amene maganizo awo amalumpha kuchoka pa chinthu ichi kunka pa china, ndipo ananena kuti ena amabadwa nako kulephera kumeneku. Iye anakumbutsanso aphunzitsi a nthawi yake za ana amene galamala ya Chilatini ndi Chigiriki inali kuwakanika kuimvetsera, kotero kuti mkwapulo kapena kunyengerera, zonse zinali zosathandiza. M'chaka cha 1902 George Still, dokotala wa ana ku London, anakamba pamaso pa madokotala anzake za ana a nzeru zokwanira bwino amene anali kulephera kudziletsa, ambiri a iwo anyamata. M'chaka cha 1937 Charles Bradley, ku Rhode Island m'dziko la America, anapatsa ana 30 mankhwala otchedwa Benzedrine, nadabwa poona kuti pafupifupi theka la iwo anayamba kuchita bwino zedi pa maphunziro. Mankhwala a methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin, anapangidwa koyamba m'chaka cha 1944 ku Basel m'dziko la Switzerland. Dzina lakuti ADHD ndilo laling'ono pa zonsezi, pakuti linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America m'chaka cha 1987.

Kwa zaka zambiri madokotala omwe anali kuganiza kuti vutoli ndi la ana okha, ndi kuti mwana akatha msinkhu limatha lokha. Paul Wender ndi anzake ku Utah anali m'gulu la oyamba kutsutsa ganizo limeneli m'zaka za m'ma 1970, ndipo ofufuza amene anatsatira ana otere kufikira atakula anapeza kuti iwo ananena zoona. Kafukufuku wa m'chaka cha 2006, amene anasonkhanitsa zopeza za ofufuza ambiri, anaonetsa kuti pofika zaka 25 za kubadwa, pafupifupi 15 mwa 100 alionse amakhala akadali ndi vutolo lathunthu, pamene pafupifupi 65 mwa 100 amakhala akadali ndi zina mwa zizindikiro zake zimene zimawasautsabe. Pa dziko lonse lapansi akatswiri amaŵerengera kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 ali ndi ADHD, ndipo mwa akulu ndi pakati pa 2 ndi 3 mwa 100. Chiŵerengero chimenechi chikakhala chimodzimodzi kwathu kuno, ndiye kuti unduna wa antchito 1,000 ungakhale ndi anthu otere ngati 25. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalemba ADHD ndi dzina lake lenilenilo m'ndandanda wake watsopano wa matenda, umene unayamba kugwira ntchito mu January 2022.

Mmene Zionekera mwa Wamkulu

Chimene chimasokoneza anthu ambiri nchakuti akamva za ADHD amaona m'maganizo mwawo kamnyamata kokwera pamwamba pa desiki. Bambo wa zaka 40 wovala tayi sakwera pa desiki. Kujijirika kuja kunaloŵa m'kati. Pamsonkhano wautali mudzamuona akugwedeza mwendo, akuseŵeretsa cholembera, akutuluka kaŵirikaŵiri ngati wodwala m'mimba. Ndipo mukamufunsa adzakuuzani kuti m'mutu mwake muli ngati msika wa tsiku Loŵeruka, mawu ambirimbiri olankhula nthawi imodzi. Tsiku lopuma sapuma. Ena amalankhula kosalekeza, ndipo iwo eni amazindikira kuti anzawo atopa, koma pakamwa pakana kutseka.

Koma chizindikiro chachikulu mwa wamkulu ndi kusakhazikika kwa maganizo, ndipo apa tiyenera kukhalitsa pang'ono. Munthuyo amaŵerenga tsamba la lipoti kufika pansi, nazindikira kuti sanatolepo kanthu, nabwereza, kachitatu konse. Mukamulankhula amakuyang'anani m'maso, koma pakati pa mawu anu iye wachoka. Liwu lina limene munatchula lamutengera kumudzi kwawo. Amalakwitsa tinthu tating'ono timene amatidziŵa bwino lomwe: kudumpha mzere poŵerengera ndalama, kuiŵala kusayina, kutumiza kalata yopanda chimene inanena kuti yanyamula. Ntchito amaiyamba ndi changu chodabwitsa, koma ikafika pamene patsala kumaliza kokha, pamene palibenso chatsopano, imamulemera ngati mtolo wa nkhuni zaziŵisi, ndipo amayamba ina. Tebulo lake ndi manda a ntchito zoyambidwa. Mafomu, maminitsi a msonkhano, masikimu, malipoti a pamwezi, ntchito zonse zofuna kukhala pansi nthawi yaitali, amazizengereza kufikira usiku wotsiriza, ndipo pamenepo mantha ndiwo amamupatsa mphamvu imene masabata atatu sanamupatse.

Nthawi nayo amaiona mosiyana ndi anzake. Akati abwera pakatha mphindi 10 sanama dala, iye akhulupiriradi kuti ntchito ya ola lathunthu itha m'mphindi 10. Chotero amachedwa ku ntchito, ku maliro, ngakhale ku malo kumene iye mwini afunitsitsa kupita, ndipo ichi nchimene chimusiyanitsa ndi munthu wamphwayi, pakuti wamphwayi sachedwa pa tsiku la malipiro.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa akulu a ntchito kukana kuti munthuyo ali ndi vuto. Iwo amati: nanga bwanji akamakonza kompyuta yowonongeka, kapena akamaphunzitsa ana seŵero la pa siteji, amakhala maola asanu osadzuka, naiŵala ndi nsima yomwe? Funso limeneli nlabwino, ndipo yankho lake ndi lakuti munthu wa ADHD chidwi ali nacho, koma sali mwini chiwongolero chake. Chinthu chatsopano, chokondweretsa kapena choopsa chimamugwira mwamphamvu kotero kuti sangachisiye. Chinthu chofunika koma chosakoma chimamuterereka. Ambiri a ife tingathe kudziuza kuti, "Ichi nchotopetsa, koma ndichita chifukwa nchofunika," ndipo thupi limamvera. Kwa iye lamulo limenelo limafika mofooka.

Tsono pali phuma. Makolo athu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mwambi umenewu ukhoza kukhala mbiri ya anthu ambiri a vutoli. Amayankha funso lisanathe. Amadula mawu a bwana pamsonkhano, osati mwachipongwe, koma chifukwa ganizo likafika liyenera kutuluka pompo. Kuima pa mzere ku banki kumamuwawa koposa mmene kumawawira ena. Malipiro akalowa amagula chinthu chimene sanachiganizepo m'maŵa, ndipo pofika pakati pa mwezi ali pakhomo pa wakatapila. Angathe kusiya ntchito chifukwa cha mkangano wa tsiku limodzi. Mtima umapsa msanga, nuzizira msanga, iye naiŵala, koma amene anamukalipira saiŵala. Kunyumba mkazi wake amadandaula kuti ali ngati akulera mwana wina woonjezera, ndipo maukwati ambiri afooka pa chifukwa chimenechi eni ake osadziŵa dzina la chimene chikuwadya.

Za amayi tinenepo mwapadera. Mwa ana, anyamata opezeka ndi ADHD amachuluka pafupifupi kaŵiri kuposa atsikana, koma mwa akulu kusiyanako kumachepa. Chifukwa china nchakuti mtsikana wa vutoli kaŵirikaŵiri sasokoneza kalasi. Amakhala phee kumbuyo, maso pa zenera, ndipo mphunzitsi wa ana ochuluka amathokoza Mulungu chifukwa cha mwana wofatsa. Vuto limadzaonekera iye atakula, pamene ntchito, ana, alendo, zovala za sukulu ndi ndiwo za madzulo zonse zifuna mutu umodzi wokumbukira. Mayi wotere amamva mawu oŵaŵa kuchokera kwa apongozi ndi alamu, akuti ngwauve, sanalangidwe. Ndipo ambiri amayamba kudzida okha, nagwidwa ndi nkhaŵa kapena kukhumudwa kwakukulu, kotero kuti akafika ku chipatala chimaoneka ndi nkhaŵayo, muzu wake nukhala wobisika.

Si Woiŵala Aliyense

Tikudziŵa kuti pofika pano owerenga ambiri adziona okha m'mawu athu, ndipo ena ayamba kale kuloza anzawo. Taimani pang'ono. Palibe munthu amene sanatayepo makiyi kapena kuzengereza lipoti. Madokotala ali ndi miyeso yolimba, ndipo nkoyenera kuti akulu a ntchito aidziŵe. Monga mwa buku la madokotala a ku America lokonzedwanso m'chaka cha 2013, pali zizindikiro 9 za kusakhazikika kwa maganizo ndi zina 9 za kujijirika ndi phuma. Munthu wa zaka 17 kapena kuposa ayenera kukhala ndi zosachepera 5 za gulu limodzi, kwa miyezi yosachepera 6. Ziyenera kuoneka m'malo aŵiri kapena kuposa, monga ku ntchito ndi kunyumba. Ziyenera kukhala zikuononga moyo wake moonekeratu. Ndipo chachikulu pa zonse, zina mwa izo ziyenera kukhala kuti zinalipo iye asanakwanitse zaka 12.

Muyeso wotsirizawu ndiwo umalekanitsa mbuzi ndi nkhosa. Kalaliki amene anali wadongosolo zaka 10, nayamba kuiŵalaiŵala chaka chatha, vuto lake nlina, ndipo lingakhale lofuna dokotala mwamsanga koposa. Kukhumudwa kwakukulu, nkhaŵa, kusagona mokwanira, kuchepa kwa magazi, matenda a chithokomiro, moŵa ndi chamba, zonsezi zimabalalitsa maganizo. Ngongole nayo imatero, maliro amatero, ndi njala yomwe. Ndipo tisaiŵale kukula kwa katundu amene ena asenza. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, aphunzitsi ambiri aimirira pamaso pa makalasi a ana oposa 100. Mphunzitsi amene walephera kuchonga makope onsewo usiku umodzi safuna mankhwala, afuna mphunzitsi mnzake.

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumaonetsa ADHD. Dokotala amaipeza pofunsa mbiri ya munthu mofatsa, kuyambira ubwana wake, ndipo ngati nkotheka amafunsanso kholo, mbale kapena mkazi wake. Bungwe la WHO, mogwirizana ndi akatswiri a ku America, linakonza mafunso 18 amene munthu wamkulu angadziyankhe yekha, ndipo 6 mwa iwo ndiwo amagwiritsidwa ntchito posefa mwachidule. Mafunsowo amangouza munthu ngati nkoyenera kukaonana ndi dokotala, chigamulo sapereka. Tichenjezenso achinyamata athu a m'maofesi amene amatenga nzeru zawo pa foni. M'chaka cha 2022 ofufuza a ku Canada anayang'ana makanema 100 otchuka koposa a pa TikTok onena za ADHD, napeza kuti 52 mwa iwo anali osocheretsa.

Nanga chimayambitsa nchiyani? Pano tifuna kulankhula momveka, chifukwa kumudzi mwana wotere amanenedwa kuti analodzedwa, ndipo m'tauni amati makolo anamulekerera kapena anamudyetsa shuga wambiri. Ofufuza sanapeze umboni wakuti shuga ndiye amayambitsa vutoli. Muzu waukulu ndi wa kumtundu. Poyerekeza mapasa ofanana ndi mapasa osafanana m'maiko ambiri, akatswiri apeza kuti pafupifupi magawo 74 mwa 100 a kusiyana kwa anthu pa vutoli amachokera ku chibadwa, chiŵerengero choyandikira cha kutalika kwa msinkhu. Nchifukwa chake m'maiko ena bambo kapena mayi amadzizindikira tsiku limene waperekeza mwana wake kwa dokotala. Mbali ya ubongo imene ikhudzidwa kwambiri ndi ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imalinganiza ntchito, kusunga zinthu m'maganizo ndi kuletsa munthu kuchita chimene chamufikira; ndipo timadzi tonyamula mauthenga m'bongo, totchedwa dopamine ndi noradrenaline, tili pakati pa nkhaniyi. Kafukufuku wa ku America wa m'chaka cha 2007 anaonetsa kuti mwa ana a ADHD khungu la pamwamba la ubongo limakhwima mochedwa ndi zaka ngati zitatu.

Koma pali zoonjezera zina zimene zitikhudza ife a kuno. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa wochepa thupi kwambiri, ali pa chiopsezo chachikulupo. Ndipo lipoti la WHO ndi mabungwe anzake la m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Ana a nthawi imeneyo ndi a zaka za m'mbuyo mwake ndiwo ali m'masukulu athu ndi m'maofesi athu. Chinanso ndi malungo ogwira ubongo. Ofufuza amene anatsatira ana opulumuka ku malungo otere pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analengeza m'chaka cha 2010 kuti ena mwa anawo anadzayamba khunyu pambuyo pake, ndipo ena anasintha khalidwe nakhala osaugwira mtima ndi osakhazikika. Mtovu woloŵa m'thupi la mwana nawo umaononga chidwi, monga adziŵa bwino abale athu a ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa m'chaka cha 1994 koma dothi linatsala ndi poizoni wake.

Mwina wina adzati: zonsezi nzomveka, koma kuiŵala makiyi sikunaphe munthu. Ayi ndithu, nkhaniyi ndi yolemera kuposa makiyi. Ku Denmark ofufuza anatsatira anthu pafupifupi 1.9 miliyoni, ndipo m'chaka cha 2015 analengeza kuti a ADHD anali kufa msanga pafupifupi kaŵiri kuposa anzawo, makamaka chifukwa cha ngozi. Ndipo chiopsezo chinali chachikulu koposa mwa amene vuto lawo linazindikirika atakula kale. Inde, oferatu anali ochepa poyerekeza ndi gulu lonse, koma aliyense amene amapereka makiyi a galimoto ya Boma kwa dalaivala aganizirepo. Ku Sweden, m'chaka cha 2012, anapeza kuti anthu a ADHD pa miyezi imene anali kumwa mankhwala anali kupalamula milandu mocheperapo, ndi magawo 32 mwa 100 kwa amuna ndi 41 mwa 100 kwa akazi, poyerekeza ndi miyezi imene sanali kumwa.

Chotsutsa Chimene Tiyenera Kuchiyankha

Akulu ena a ntchito, anthu a zaka zambiri mu utumiki wa Boma, adzatiuza kuti tikutsegulira khomo alesi. Kuti maŵa lino aliyense wochedwa adzati ali ndi ADHD, ndipo mwambo wa ntchito udzagwa. Mantha ameneŵa sitiwapeputsa, pakuti alesi enieni alipo, ndipo nzika yoyembekeza chiphaso chake kapena penshoni yake ilibe nthawi yomva za ubongo wa kalaliki. Fayilo iyenera kuyenda. Ife sitikupempha kuti muyeso wa ntchito utsitsidwe kwa munthu aliyense. Chimene tikunena nchakuti kalata yochenjeza cholinga chake ndi kukonza munthu, ndipo ngati makalata atatu sanakonze kanthu, mkulu wanzeru amayamba kukayikira mankhwala ake. Munthu wa maso ofooka samuchiritsa pomukalipira kuti ayang'anitsitse. Amamupatsa magalasi, kenaka namufunsa ntchito yofanana ndi ya anzake. Waulesi ndi wa ADHD angasiyanitsidwe ndi mkulu aliyense wopenyetsetsa: waulesi amakondwera ntchito ikamuphonya, ndipo zake za iye mwini amazisamala bwino, winayu amavutika, amachita manyazi, amatsala mu ofesi anzake ataŵeruka, ndipo zake zomwe, ndalama zake, mankhwala ake, layisensi yake, zili m'chipwirikiti chomwecho.

Chithandizo chilipo cha mitundu iŵiri. Mankhwala a methylphenidate ndi ena a mtundu wake amathandiza akulu ambiri, ndipo ku Britain malangizo a boma a m'chaka cha 2018 amawaika poyamba pothandiza munthu wamkulu. Aliponso ena, monga atomoxetine, amene anavomerezedwa ku America m'chaka cha 2002. Koma methylphenidate ali pansi pa pangano la maiko la m'chaka cha 1971 loyang'anira mankhwala okhudza ubongo, chifukwa angathe kugwiritsidwa ntchito molakwika, ndipo amakweza kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, nachepetsa chilakolako cha chakudya ndi tulo. Munthu asayerekeze kugula kwa wogulitsa wamba kapena kupempha kwa mnzake. Poyambira pabwino ndi chipatala cha boma cha m'boma lanu, kumene kuli anamwino ndi madokotala othandizira ophunzira za matenda a maganizo, ndipo iwo angatumize munthu ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Tikudziŵa kuti dzina la Zomba likatchulidwa pa nkhani zotere anthu amaseka kapena amanjenjemera. ADHD si misala, ndipo kuseka kumeneko kwatsekereza anthu ambiri pakhomo pa chithandizo.

Mtundu wachiŵiri wa chithandizo sufuna ndalama, ndipo uli m'manja mwa owerenga tsamba lino. Malangizo apakamwa operekedwa m'khonde amauluka, alembeni. Ntchito ya mwezi wathunthu iduleni m'zigawo za masiku aŵiri kapena atatu, ndipo chigawo chilichonse chikhale ndi tsiku lake ndi munthu wochilandira. Tebulo lake lichoke pakhomo pamene padutsa aliyense. Ngati pali kusankha, mpatseni ntchito ya kuyenda, ya kukumana ndi anthu, ya kuthetsa zovuta zadzidzidzi, ndipo kaundula mupatse wina amene amakonda mizere yoongoka. Iye mwini aphunzire kusadalira mutu wake: kabuku kamodzi kokha ka zonse, belu la pa foni lomukumbutsa, malo amodzi a makiyi, ndi kulola kuti ndalama za lendi ndi za sukulu zichoke tsiku lomwelo la malipiro zisanafike m'thumba. Tulo tokwanira ndi kulimbitsa thupi zimathandizanso. Ndipo achenjere ndi botolo, pakuti anthu a vutoli amagwa m'moŵa ndi m'fodya mosavuta kuposa anzawo, ena poyesa kutontholetsa msika uja wa m'mutu.

Tipempha Unduna wa Zaumoyo ndi Unduna wa Maphunziro kuti nkhani imeneyi ipeze malo m'maphunziro a anamwino, a aphunzitsi ndi a oyang'anira antchito. Dziko lathu lili kale ndi koleji ya Montfort ku Nguludi, imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera, ndiponso Kamuzu University of Health Sciences imene imasula madokotala, maziko alipo.

Wolemba nkhani ino akumbukira mnzake wa ku sekondale amene anatchetcha udzu ndi kukumba maenje a chilango koposa wina aliyense m'kalasi, pa milandu ya kulankhula, kuchedwa ndi kutaya mabuku, koma amene anali kutifotokozera masamu usiku ife tikalephera. Malipoti ake onse anali ndi mawu amodzimodzi, akuti ngwanzeru koma sasamala. Mawu otere alembedwa pa malipoti zikwizikwi m'dziko muno, ndipo kwa dokotala athandiza pang'ono chabe. Popeza muyeso uja ufuna umboni wa zaka za munthu asanakwanitse 12, aphunzitsi a pulayimale ndiwo asunga kiyi wa nkhani yonseyi. Mphunzitsi wolemba kuti mwana amadzuka pa mpando kasanu pa phunziro limodzi, kuti amayankha asanaloledwe, kuti masamu amawadziŵa pakamwa koma samaliza tsamba, wasiyira dokotala wa zaka 20 zikudzazo chinthu chogwirika. Ndipo potseka sukulu, popereka lipotilo, auze makolo kuti alisunge m'bokosi pamodzi ndi khadi la ku sikelo.